Mayina Amene Ankasowa Belu Likalira

Tadala ndi iwe Mphatso, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva zokwanira kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa mmene zinalili. Za sukulu nazo n'zachidule: masamu ankandikonda, ndipo nditamaliza anandisankha kukaphunzira za makompyuta ku Blantyre, nthawi imene anthu ambiri ankayesa kuti kompyuta ndi mtundu wa wailesi. Ndakumvani kangapo mukuuza anzanu monyadira kuti bambo anu anali mmodzi mwa oyamba kugwira makinawa kuno kwathu. N'zoona. Koma werengani kaye za ku Balaka, zonyadazo mudzaziona pambuyo. Amayi anu anatisiya osazidziwa izi, ndipo ine sindikufuna kupita nazo.

Chaka choyamba, mwezi wa Juni

Ndinatsika sitima pa Balaka ndi amayi anu, sutikesi imodzi ndi kalata ya ntchito. Masiku amenewo Balaka sanali boma payekha, tinali pansi pa Machinga, ndipo chipani m'dziko chinali chimodzi chokha. Kutsidya kwa malire kunali nkhondo, anthu ankalowa cha ku Chiuta akatundu ali pamutu, pamene kwathu kuno mvula inali itavuta. Bungwe limene linandilemba ntchito linkagawa chimanga kwa mabanja a njala, othawa nkhondo ndi eni nthaka omwe. Lamulo lake linali limodzi: amene dzina lake lili pa mndandanda alandira, amene palibe abwerera thumba lili m'khwapa. Mndandandawo unkatuluka mu kompyuta yathu.

Ofesi inali shedi yakale ya thonje kuseri kwa siteshoni, ya malata otentha ngati chiwaya. Makinawo anali aakulu ngati firiji ya m'golosale, ndipo anali ndi malo awiri olembera, aliwonse ndi sikirini ndi kiyibodi yake, ena kukhoma la kum'mawa, ena kukhoma la kumadzulo. Anawabweretsa mzungu wina wamtali amene anakhala nane mwezi umodzi wokha, n'kugwidwa ndi malungo, n'kubwerera kwawo osacheuka. Anandisiyira mabuku atatu onenepa momwe munasindikizidwa malamulo onse oyendetsa makinawo, mzere ndi mzere. Ntchito yanga siinali kulemba mayina, inali ya pansi pake, imene munthu saiona. Kalaliki akalemba mayina n'kudina batani losungira, pali gawo la pulogalamu limene limasankha kuti mayinawo akakhale pati pa disiki. Disiki ili ngati msika: malo ake ndi ogawa timagawo, ndipo pali kaundula wonena kuti apa pali mwini, apa n'popanda munthu. Kaundula ameneyo ndi malamulo ake ndizo ndinkayang'anira ine.

Zosowa zinali zambiri moti ndikaziwerenga zonse mugona. Riboni ya pulinta ikauma tinkaithira inki ya sitampa, n'kuyanika pa waya ngati chingambwe. Mapepala tinkasindikiza uku ndi uku. Magetsi akathima tinkadalira jenereta, jeneretayo inkadalira dizilo, dizilo ankadalira mtima wa bwana tsiku limenelo. Bwana wathu anali a Chikopa, amene kale anali ahedi pasukulu ina ndipo uhediwo sunawachoke. Ankavala suti ndi tayi m'kutentha kwa Balaka, baji ya chipani ili ng'ani ng'ani pamtima. Dzina langa sanavutike nalo kuliloweza, anangonditcha a Kompyuta, ndipo tawuni yonse inatengera pomwepo, mpaka ogulitsa mandasi pasiteshoni.

Makalaliki anali awiri. Kum'mawa kunkakhala Che Yasini a kwa Mposa, Msilamu wa zaka ngati makumi anayi, amene anayamba kutaipa ine ndisanadziwe kuwerenga. Sindinaonenso zala zothamanga ngati zawo. Mayi awo anali a kutsidya kwa Chiuta, choncho othawa nkhondo akabwera kudzalembetsa ankawalankhula m'Chiyao n'kulemba mayina awo molondola, osati mmene tinkawaphera ife. Kumadzulo kunkakhala mayi Rosina, wamasiye wa Chikatolika, wolemba modekha, chala chimodzi chimodzi. Awiriwa ankakhalira kuselewulana.

"Che Yasini, zalazo mudzathyola nazo makina a eni ake," ankatero mayi Rosina.

"Iyayi amayi, zala anazipangira kuyenda. Inuyo mumalemba ngati mukusankha miyala mumpunga."

Chimodzi chokha ndicho ankachitira pamodzi. Belu la kumishoni likalira masana, onse ankadina batani losungira n'kunyamuka. Mayi Rosina ankaima pawindo kunena pemphero lawo la masana, Che Yasini ankatenga ketulo yawo kukasamba m'manja ndi m'mapazi kukonzekera swala, pemphero lawo la Chisilamu. Ine ndinkaseka kuti belu limodzi likudzutsa zipembedzo ziwiri. Nthawi zambiri Che Yasini ankandiitana kuti tidyere limodzi mpunga umene akazi awo, Abiti Juma, ankawamangira, ndipo ndinadya mpunga wa banja limenelo kosawerengeka.

Chaka chomwecho, mwezi wa Novembala

Tinamva kuti kubwera anduna kudzatsegula makina athu. A Chikopa anasiya kugona. Shedi inapakidwa laimu, miyala ya m'mbali mwa njira nayo inayera, azimayi anayamba kuyeserera nyimbo. Tsiku lina bwana anaima kumbuyo kwa Che Yasini kuonerera, ndipo zimene anaona sizinawasangalatse. Munthu akadina batani losungira, makina ankatenga nthawi yoti n'kumwa madzi kapu yonse, ndipo nthawi yonseyo sikirini ya winayo inkangoti duu, osayankha.

"A Kompyuta, n'chiyani chimenechi?"

"Akudikirana, bwana. Wina akamasunga, winayo amayembekeza."

"Ndiye anduna adzaime pano, atolankhani ali apo, makina ali ndwii ngati ng'ombe yodwala? Azungu anatumiza ndalama zawo kudzagula ulesi? Konzani. Muli ndi sabata imodzi."

Ndikanatha kukana, ndipo mwina akanangondikalipira basi. Koma ndinali ndi zaka zochepa ndi mutu waukulu. Ndinatsegula mabuku aja n'kupeza pamene pankachedwetsa. Mzungu uja anali ataikapo loko. Mmene zinkayendera n'chimodzimodzi ndi njanji yathu ya mzere umodzi, pamene woyendetsa sitima sachoka pasiteshoni asanapatsidwe kachitsulo kotsimikiza kuti njira ndi yake yekha, ndipo sitima ina imadikira mpaka kachitsuloko kabwezedwe. Makina nawo ankatseka loko, n'kupeza malo opanda kanthu, n'kulemba kaye m'kaundula kuti malowa atengedwa, n'kudikira disiki ivomere, kenako n'kuikamo mayina, n'kutsegula loko. Ine ndinaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinadziuza kuti makalaliki awiri okha, aliyense amasunga kamodzi pa theka la ola, angakumane bwanji? Loko ija ndinaichotsa. Ndinasinthanso dongosolo: mayina aziyamba kulowa, za m'kaundula zizilembedwa pambuyo, makina akapeza mpata. Mpatawo unali masekondi awiri kapena atatu okha.

Makina anathamanga ngati agwidwa ndi ziwanda. Anduna anabwera, anadina batani limodzi, dzina lawo linatuluka pa pulinta, azimayi analulutira. Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala, ine ndili kumapeto, theka la nkhope. A Chikopa anandigwira chanza pamaso pa onse n'kunena kuti mwana wa Mmalawi waposa mzungu. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndagula Balaka yense. Zimene ndinasinthazo sindinalembe paliponse, ndipo sindinauze munthu.

Chaka chachiwiri, Januwale ndi Febuluwale

Njala itafika pachimake, mayina anayamba kusowa. Poyamba anali mabanja ochepa a mudzi wina kwa Mposa, ndipo tinati mwina anyakwawa analakwitsa polemba. Kenako unasowa mudzi wathunthu. Anthu ankayenda kuchokera kwa Kalembo kusanache, kufika pamalo ogawira dzuwa lili pamutu, n'kumva kuti dzina lawo palibe. Ena ankabwera mpaka ku shedi yathu. Ndikukumbukira mayi wina amene anakhala pansi pakhomo pathu, mwana ali kumsana, tsitsi la mwanayo litafiira. Sanalire, sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Achimwene, dzina langa ndi lomwe lija, sindinasinthe. Lapita kuti?" Ndinamuuza kuti abwerenso mwezi wamawa. Mawu amenewo ndinawanena ine, ndi pakamwa panga pano.

Pepala lililonse lochokera kumudzi kalaliki ankalisainira akamaliza kulilowetsa. A Chikopa atasonkhanitsa mapepala a mayina osowawo, onse anali ndi siginecha ya Che Yasini. La mayi Rosina panalibe ngakhale limodzi. Che Yasini anawatembenuza mapepalawo, n'kuwatembenuzanso, thukuta lili kamukamu.

"Bwana, ndinalemba. Wallahi ndinalemba ndi manja angawa. Banja ili ndikulidziwa, ndi la apongozi a mchemwali wanga. Ndingawamane chakudya ine?"

Anawalembanso, ena anakhala, ena anasowanso. Ine ndinkabwera Loweruka, ofesi ili zii, kudzayesa makina. Ndinkalemba mayina abodza kum'mawa, n'kusunga, n'kuyenda kupita kumadzulo, n'kulemba ena, n'kusunga, n'kusindikiza. Onse ankatuluka bwinobwino. Ndinayesa Loweruka kanayi, osapeza kanthu. Mumtima munali kakufuna kundinong'oneza za loko ija, koma ndinkakatseka pakamwa. Ndinkati ndayesa, ndipo makina apambana mayeso.

Kumapeto kwa Febuluwale unasowa mudzi wolakwika, wa tcheyamani wina wa chipani kwa Kalembo, mayi ake omubereka ali momwemo. Lachiwiri lotsatira, cha m'ma teni koloko, panja panaima galimoto yoyera yopanda chizindikiro. Munatuluka amuna awiri ovala bwino, aulemu kwambiri, ulemu woziziritsa nkhongono uja. Anadzitsekera ndi a Chikopa kanthawi, kenako anatiitana tonse. Wamkulu mwa amuna awiriwo anali atadziwa kale zonse: kuti mayi a Che Yasini ndi a kutsidya, kuti amalankhula ndi othawa nkhondo chilankhulo chimene bwana samva, kuti mayina a obwera sasowa kwenikweni koma a eni dziko. Chomalizachi sichinali choona, koma palibe anatsutsa. Anati pali anthu amene akufuna kudanitsa boma ndi anthu ake pogwiritsa ntchito njala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu ndiye katswiri wa makinawa?"

"Eya, bwana."

"Tiuzeni. Makinawa angathe kutaya dzina paokha?"

Che Yasini ankandiyang'ana. Sanali ndi mantha pamenepo, ankandiyang'ana ngati munthu amene mboni yake yafika. Ndinaganiza za loko, ndinaganiza za chithunzi cha m'nyuzipepala, ndinaganiza za amayi anu amene anali oyembekezera, iwe Tadala uli m'mimba.

"Ndawayesa kangapo, bwana," ndinatero. "Makina amachita zimene auzidwa."

Silinali bodza, ndipo n'chifukwa chake limandiwawa kuposa bodza. Amuna aja anati akupita nawo Che Yasini, n'kuwalola kutenga jekete ndi kofiya yawo. Ketulo anaisiya pansi pa tebulo. Pakhomo anacheuka n'kuuza mayi Rosina kuti, "Amayi, pepala la pamwambalo ndalekeza pakati, mzere wachisanu ndi chiwiri." Mayi Rosina anagwira pakamwa ndi mpango wawo, galimoto n'kunyamuka.

Chaka chachiwiri, Malichi

Atatsala mayi Rosina okha, mayina anasiya kusowa, koma ntchito inaunjikana mpaka mapepala anafika pawindo. A Chikopa anati ndikhale pa mpando wa Che Yasini ndizithandiza kulemba kufikira atapeza kalaliki wina. Ndinakhalapo masiku atatu popanda chovuta. Tsiku lachinayi ndinali ndi njala, ndipo belu la kumishoni litangoti ngee koyamba, ndinadina batani losungira n'kunyamuka. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi Rosina akumaliza mzere wawo n'kudinanso lawo. Madzulo ake nditasindikiza mndandanda, mayina onse amene ndinasunga belu litalira panalibe.

Ndinakhala pansi. Sindinafunikire kutsegula buku, zonse zinaonekera poyera nthawi imodzi. Woyamba akadina, makina ankapeza malo opanda kanthu n'kuikamo mayina ake, koma m'kaundula anali asanalembemo. Wachiwiri akadina m'masekondi omwewo, makina ankayang'ana m'kaundula, n'kuona kuti malo aja akadali opanda mwini, n'kutsanulira mayina ake pamwamba pa a woyambayo. Posindikiza, pulogalamu ikapeza mayina a mudzi wina pamalo osayenera inkangowadumpha mwakachetechete. Amene ankataya nthawi zonse ndi amene wayamba kudina, ndipo pakati pa Che Yasini ndi mayi Rosina woyamba ankadziwika. Masiku ena ankaphonyana ndi kamphindi, zinthu n'kuyenda bwino, n'chifukwa chake sizinkachitika tsiku lililonse. Ine poyesa Loweruka lija ndinali ndekha, ndikuyenda wapansi kuchoka khoma lina kupita lina, ndiye ndikanazipeza bwanji? Munthu anali kundende chifukwa cha changu chake pantchito, ndi chifukwa cha kunyada kwanga.

Mawa lake, Lachisanu, ndinalemba zonse pa mapepala awiri n'kulowa nazo kwa a Chikopa. Izi ndinachitadi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkazigwiritsa ntchito podzitonthoza. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"A Kompyuta, tsekani chitseko."

Ndinatseka.

"Mukundiuza kuti makina amene anatsegulidwa ndi anduna ndi amene amamana anthu chimanga. Mukundiuzanso kuti boma lagwira munthu wosalakwa. Ndani akanene zimenezi kumene kuja? Inu?"

"Tikhoza kupitira limodzi, bwana. Ndikawaonetsa. Tikadina mabatani onse awiri iwo akuona."

"Akaona, kenako akafunsa kuti anachotsa loko ndani, ndipo anamutuma ndani. Mwana wanga, ine ndakula, anthu amenewa ndikuwadziwa. Sabweza mawu. Mukapita kumeneko sakatulutsa Yasini, akangoyala mphasa zina ziwiri m'chipinda chomwecho. Akazi anu paja mwezi wachingati?"

Anang'amba mapepala aja mwaudongo, kanayi, n'kuwaika m'thumba la jekete lawo. Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti nawonso ndi munthu wamantha ngati ine, kungoti wa tayi. Anandiuza kuti Lolemba kubwera kalaliki watsopano, mtsikana wa ku Ntaja amene wangomaliza kumene kozi ya zotaipa. Za makina sananenepo kanthu. Anangoti, "Inu ndi amene mumawadziwa."

Apa ndi pamene panali chisankho, ana anga, ndipo chinali changa ndekha. Ndikanawasiya makinawo mmene analili, Lolemba kapena Lachitatu belu likanalira, makalaliki awiri akanadina pamodzi, mayina akanasowanso Che Yasini kulibe. Aliyense m'Balaka akanaona kuti anagwira munthu wolakwika, popanda ine kutsegula pakamwa. Umenewo unali umboni wokhawo umene ukanawatulutsa, ngati panali chowatulutsa. Koma zikanatanthauza midzi ina kubwerera manja ali m'khosi mwezi wa Malichi, chimanga cha m'munda chisanakhwime. Zikanatanthauza mwina mtsikana wa ku Ntaja kukwera galimoto yoyera. Ndipo akatha makalaliki, maso onse akanatembenukira kwa katswiri wa makina. Ndikawakonza, anjala alandira, mtsikana apulumuka, ine ndipulumuka, koma mlandu wa Che Yasini ukhala wotsimikizika mpaka kalekale, pakuti aliyense adzati tangomuchotsa, zinthu zalongosoka.

Loweruka m'mawa ndinazungulira tawuni ngati wamisala. Ndinafika kumsika, ndinabwerera, ndinakaima pasiteshoni kuonerera sitima ya katundu. Amayi anu anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi mutu chabe. Masana ndinatenga makiyi n'kupita ku shedi. Ndinabwezera loko, ndinabwezera dongosolo lakale loti kaundula aziyamba, mayina pambuyo. Inali mizere isanu ndi inayi yokha, ndipo sizinanditengere ola. Poyesa ndinakoka tebulo la kum'mawa mpaka manja anga anafika pa makiyibodi onse awiri, n'kudina pamodzi kambirimbiri. Palibe dzina linasowa. Inali ntchito yabwino kwambiri imene ndinagwirapo moyo wanga wonse, ndipo nditamaliza ndinatuluka kukasanza kuseri kwa shedi.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinachitira anjala, ndipo mwina theka lake n'zoona. Koma ndikayeza mtima wanga mmene unalili tsiku lija, amene anali patsogolo sanali mayi wa mwana wa tsitsi lofiira uja. Ndinali ine, ndi khungu langa. Ndinali ndi mantha, basi.

Patatha mwezi a Chikopa anaitanitsa msonkhano wa antchito onse. Anakweza mndandanda m'mwamba, wathunthu, wopanda banga. "Mwaona? Tazula dzino lobooka, mutu wasiya kuwawa." Anthu anawomba m'manja, pakuti masiku amenewo osawomba ankaonedwa. Mayi Rosina sanawombe. Titabwerera m'shedi anandifunsa osandiyang'ana, "A Kompyuta, makinawa abwerera ulesi wawo wakale uja. Mwawatani?" Ndinati ndangowapukuta fumbi. Anandiyang'ana, kenako anapitiriza kulemba. Kuchokera tsiku limenelo moni wawo kwa ine unali wa mawu awiri, mpaka anapuma pantchito. Abiti Juma anabwera kawiri kudzafunsa kumene amuna awo anawatengera. Ulendo woyamba ndinati sindikudziwa, zimene zinali zoona. Ulendo wachiwiri nditawaona akubwera ndinatulukira khomo lakuseri.

Patapita zaka zinayi

Mphepo ya ndale itayamba kusintha, anthu ena amene anasowa anayamba kuoneka. Ine ndinali ndidakali ku Balaka, nditakwezedwa kawiri, a Chikopa atasamutsidwa. Lamlungu lina masana ndili pakhonde, ndinaona nkhalamba ikulowa pageti itagwira ndodo, mayi akuitsatira ndi kamtanga pamutu. Mayiyo ndinamuzindikira, anali Abiti Juma. Nkhalambayo ndinaizindikira ndi mawu okha.

"Odi kuno, a Kompyuta. Tafunsira njira kumsika."

Che Yasini anali asanakwane zaka makumi asanu, koma mano akutsogolo analibe, ndipo zala zawo zinali zopindika, zosatheka kuwongoka. Amayi anu anayala mkeka, anabweretsa madzi. Kapu anaigwira ndi manja awiri. Ine ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, kulavuliridwa, ngakhale kumenyedwa ndi ndodo ija, ndipo kunena zoona ndinkazilakalaka. Tinafunsana za moyo, za mvula, za mayi Rosina. Za kumene anali sananenepo. Kenako anaika kapu pansi.

"Achimwene, ndabwera ndi funso limodzi. Landidya zaka zonsezi, usana ndi usiku. Mundiyankhe zoona, ndinu nokha mungadziwe. Nditachoka ine, mayina aja anapitiriza kusowa?"

Abiti Juma anandiyang'ana. Amayi anu anandiyang'ana. Galimoto yoyera kunalibenso, wondigwira kunalibe, chondiopsa chinali nkhope ya munthu mmodzi wokhala pamkeka panga. Ndikanangoti anasowanso kamodzi, olemba ine ndemwe, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

"Iyayi," ndinatero. "Anasiya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene dokotala wamuuza zimene ankaziyembekezera kale.

"Ndiye kuti ndinali ine ndithu," anatero. "Kuja ndinkakana, akandimenya ndinkakana. Koma ndikakhala ndekha ndinkaganiza kuti mwina pena ndinkadumpha batani osadziwa. Ndiye anthu anagona ndi njala chifukwa cha ine. Ana aja." Anapukuta m'maso ndi mfundo za zala. "Sindinachite dala, Mnungu ndi mboni. Ndazungulira kwa Mposa konse kupepesa, nyumba ndi nyumba, kumene ndikukumbukira. Kwatsala inu. Ndinakuvutitsani, munkabwera ndi Loweruka lomwe kufunafuna cholakwa m'makina, chonsecho cholakwa chili pa mpando. Mundikhululukire, achimwene."

Anatambasula dzanja lopindikalo. Ndinaligwira. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Palibe kanthu, Che Yasini, tonse timalakwitsa."

"Alhamdulillah," anatero. "Sikomo kwejinji. Tsopano mtima wanga wakhala pansi."

Ndinamukhululukira munthu uja, ana anga, pakhonde panga, pamaso pa mkazi wake ndi pamaso pa amayi anu. Abiti Juma anatsitsa kamtanga kaja, munali nsomba zouma za ku Chiuta, mphatso yopepesera. Tinawaperekeza mpaka pa depoti, ndipo amayi anu pobwerera ankangoti koma ndiye munthu wa Mulungu ameneyu. Che Yasini anamwalira dzinja lotsatira, ndinamva patatha sabata ziwiri atayikidwa kale.

Nsomba zija amayi anu anaphika madzulo a tsiku lomwelo, ndi tomato ndi anyezi. Iwe Tadala unali usanakwane zaka zinayi, unadya mpaka kunyambita zala, n'kupempha zina. Inenso ndinadya.